Dzina Lobwereka pa Mlatho wa ku Midrand

Takondwa anamuona komaliza mkulu wake Aloysius ali moyo Lachinayi mbandakucha, atawerama pakhomo la kachipinda kawo ku Troyeville akumanga zingwe za mateki ake oyera, kachidutswa ka buledi kali kukamwa.

"Iwe injiniya wopanda pepala," anatero Aloysius akutafuna, "ndikabwera ndipeze mbale zili zotsuka. Wamva?"

"Pitani bwino, agogo," anayankha Takondwa ali m'bulangete. "Musathamange kwambiri, mabondo angathyoke."

Aloysius anaseka n'kukankha chitseko ndi phazi. Basi. Panalibe kadzidzi analira padenga, panalibe amene analota zoipa.

Ugogo umenewo unali ndi pochokera. Aloysius anali ndi zaka makumi atatu, koma kuntchito anali ndi zaka sikisite-thuu. Ankagwira ntchito pa chiphaso cha amalume awo, a Macdonald Chibwana, amene anabwera ku Joni ali mnyamata nthawi ya migodi n'kupeza mapepala enieni a dziko lino. Eni akewo ankasamala maluwa kunyumba ya mzungu wina ku Sandton, pamene dzina lawo linkanyamula matumba a simenti ku Midrand. Akapitawo a kampani sankayang'ana nkhope. Ankafuna nambala ndi siginecha, kwatha.

Ku Midrandko ankamanga mlatho watsopano. Boma linakhuthula ndalama kuti magalimoto ochokera kunyumba za m'mipanda za anthu olemera azifika msanga pasiteshoni ya sitima yothamanga. Sitima yakale ija, imene anthu wamba ankadzazana m'mawa uliwonse, inaima kalekale, njanji zake n'kumera udzu. Itaima, Takondwa anayamba kusintha matekisi atatu kuti akafike kukoleji komwe ankaphunzira zoyeza misewu, mpaka thumba la mkulu wake linabooka, sukulu n'kuthera panjira. Aloysius yekha ankakwera tekisi imodzi, n'kutsikira tsidya lina la msewu waukulu, n'kulowa pachibowo cha mpanda wawaya, n'kuwoloka mizere isanu ndi itatu ya magalimoto akuthamanga. Anthu onse ankatero.

Lachinayi madzulo kunagwa mvula, ndipo Aloysius sanabwere. Amalume anaimba foni. "Mkulu wako wagona kusaiti ya mlatho, akuthira konkire. Usadikire."

Lachisanu masana amalume anabwera okha, chipewa chili m'manja.

*

Kupolisi ya ku Midrand, Sajeni Nkosinathi anali munthu wonenepa, wamaso otopa, ndipo ankalankhula akuyang'ana kompyuta.

"Pamsewu waukulu paja, pachibowo cha mpanda, timatolapo anthu mwezi ndi mwezi. Chaka chino m'bale wako ndi wachisanu ndi chiwiri. Wagundidwa Lachisanu m'mamawa akuwoloka, woyendetsa wathawa. Ukufuna ndikagwire galimoto iti, mfowethu? Pamadutsa zikwizikwi."

"Koma ngati anagona kusaiti," anatero Takondwa, "ankawolokeranji m'mamawa? Ankapita kuti?"

Sajeni anakweza mapewa n'kuyang'ana a Macdonald.

"Njala, mwana wanga," anayankha amalume mofatsa. "Pampanda paja pamakhala mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kuno. Mwina anati akagule kadzutsa. Usavute abwana, ali ndi ntchito zambiri."

Sajeni anakankha jumbo ya pulasitiki patebulo. Munali ovololo yong'ambika, foni yosweka, ndi jombo ziwiri za kuntchito, zachitsulo kunsonga, zitauma ndi konkire.

"Mateki ali kuti?"

"Anavala zimenezo," anatero sajeni. "Saina apa."

Takondwa anasaina, koma maso ake anali pa jombo zija. Kangati Aloysius anamuuza? Jombo zimagona m'loko, kabati ya zovala, kusaiti. Munthu wowoloka msewu uja atavala jombo ndiye kuti watopa ndi moyo.

Atatuluka, amalume anamugwira paphewa. "Zonse ndakonza. Galimoto yonyamula maliro inyamuka Lachitatu. Mayi ako ku Ntcheu ndawauza, adzukulu akudikira. Tikamugoneke mwana kwawo, mitima ikhale pansi."

Lachitatu. Takondwa anadziwa kuti bokosi likangodutsa pamalire a Beitbridge, palibe amene adzafunsenso za jombo.

*

Lolemba m'mawa anakwera tekisi imene mkulu wake ankakwera. Anatsika ndi khamu la anthu a zikwama zakumsana, antchito a m'nyumba, alonda, amisiri. Mmodzimmodzi ankawerama pachibowo, n'kuima m'mbali mwa phula ngati othamanga mpikisano odikira wezulo. Chapatali mlatho watsopano unali utatambalala m'mwamba, woyera bwino. Takondwa anauyeza ndi maso a kusukulu: mizere isanu ndi umodzi ya magalimoto, popanda ngakhale kanjira ka phazi limodzi la munthu.

Mayi wa magwinya dzina lake anali Busi. Anali atakhala pakireti, chidebe chili pakati pa miyendo, akupereka chenji ndi dzanja lina, lina akuingitsa ntchentche. Takondwa anamufunsa za mkulu wake, amene kuno ankadziwika ndi dzina la amalume.

"Ukunena Mac? Hawu! Ndiwe mng'ono wake? Ndakuonera m'makutumo, nonse makutu ngati zitseko za tekisi. Pepa, mntanami, pepa. Tenga gwinya. Tenga, sindikugulitsa."

"Lachisanu m'mawa anabwera kudzagula?"

"Ndani wanena bodza limenelo? Ine ndimafika pano kusanache. Ndinamupeza ali apo, pansi pa chikwangwanicho, atazizira kale ngati nyama ya m'furiji. Ndi ine ndinaimbira apolisi. Anandifunsa funso? Hayi! Anangojambula, n'kunyamula, n'kupita."

"Ndiye anagundidwa usiku?"

Busi anasiya chenji n'kumuyang'anitsitsa.

"Tamvera, mwana iwe. Ine ndinali ndi shopu yanga pasiteshoni ya sitima yakale, ya firiji ndi mipando. Sitima itafa, shopu inafa, ndinabwera pano. Zaka zisanu ndili pachibowo chino. Tinalemba makalata kupempha kamlatho ka anthu oyenda pansi, tinasaina mpaka mabolopeni kutha inki. Anatiyankha ndi chimlatho chawocho. Ndiye anthu ogundidwa ndawaona, sindichita kuuzidwa. Galimoto ikamenya munthu pano, choyamba kuuluka ndi nsapato. Ina umakaitola uko, ina uko. Pamakhala magalasi, pamakhala mizere yakuda ya matayala, magazi amafika pakati pa msewu. Koma Mac? Jombo zonse ziwiri zili kumapazi, zomanga bwino. Wagona chagada, manja atawaika pamimba. Ndipo kumaso atamuphimba ndi kampango."

"Kampango?"

"Koyera, kosita. Ka madoda akale, amene amapita nako kutchalitchi. Pambuyo pake mphepo inakakankhira pawaya. Ndiuze iwe wophunzira, ndi galimoto yanji imagunda munthu, n'kuima, n'kumuphimba kumaso?"

Takondwa anayang'ana pansi. Gwinya linali litaphwanyika m'dzanja lake.

"Lachinayi munamuona?"

"M'mawa anadutsa, anandiseka kuti magwinya anga achepa thupi. Madzulo ndinakhala mpaka mvula itayamba. Anzake onse anawoloka. Iye ayi."

*

Pageti la saiti panali kanyumba kamalata, ndipo mlonda wake anali Shafii, bambo wamtali wa ku Mangochi, wandevu zometa bwino. Aloysius ankamutchula kawirikawiri, ankati ndi munthu woti ukamubwereka singano amabweza ndi ulusi womwe. Atamva dzina la Takondwa, anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera kuseri kwa kanyumbako.

"Mulungu akupatseni chipiriro, m'bale wanga. Koma simunayenera kubwera kuno."

"Lachinayi munali pantchito?"

"Ndinalipo."

"Achimwene anatuluka nthawi yanji?"

Shafii anayang'ana kumwamba, milomo yake youma ikugwedezeka ngati akuwerenga pemphero.

"Ndili ndi ana anayi kumudzi. Mapepala anga nawonso ndi obwereka. Kapitawo anatisonkhanitsa Lachisanu, anati wotsegula pakamwa adzagona ku Lindela, kumalo kosungira anthu othamangitsidwa m'dziko. Mukundimva?"

"Ndikukumvani. Ndangofunsa nthawi."

"Uno ndi mwezi wa Ramadani, ndipo ine ndasala. Bodza silingadutse pakhosi panga dzuwa lili m'mwamba. Zoona nazonso ndikuziopa. Ndiye tichite chonchi. Ine ndipita ndikatsegulire lole iyo. Buku la pageti lili pampando. Buku silisala, siliopa."

Anachoka pang'onopang'ono, makiyi akulira m'chiuno.

Linali buku lalikulu lachikuto chakuda, lolemba dzina, nthawi yolowa, siginecha, nthawi yotuluka, siginecha. Takondwa anatsegula tsamba la Lachinayi. M. Chibwana, kulowa 6:40. Siginecha yake anaidziwa msanga ndipo misozi inalengeza. Anakumbukira Aloysius atakhala pabedi, lilime lili panja, akuyeserera kulemba dzina la amalume kuseri kwa kalendala. Amalume anali ndi siginecha ya anthu a kumigodi, yonyada, M wamkulu ngati mapiri awiri, kumapeto mchira wopinda wobwerera pansi pa dzina lonse, kenako timadontho tiwiri. Aloysius mchirawo unamukanika. Wake unkathera panjira ngati wa mbuzi. Masamba onse, kuyambira Januwale, m'mawa ndi madzulo, munali michira ya mbuzi yokhayokha.

Anatsetsereka ndi chala kupita kumanja. M. Chibwana, kutuluka 17:30.

Mchira unapinda bwinobwino, n'kubwerera pansi pa dzina lonse. Timadontho tiwiri tinali pamalo pake.

Takondwa anajambula tsambalo ndi foni, kawiri. Shafii anabwerera, n'kuima chomufulatira ngati akuyang'ana msewu.

"Ndiyankhula ndi mphepo," anatero motsitsa mawu, "amene akumva ndi zake. Itangokwana folo koloko, thabwa la pamwamba pa mlatho linathyoka. Ambulansi sinalowe pageti lino. Itadutsa faifi kunalowa mdala wa chipewa, wapansi, thukuta lili kamukamu. Anasaina buku langa. Kenako bakkie ya kapitawo, galimoto yonyamula katundu ija, inatuluka, mdalayo ali kutsogolo, kumbuyo ataphimba lona."

"Mtembo unali m'lonamo."

Shafii anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Wallahi, ndikanakonda ndikanati mtembo. Koma ndi ine ndinakweza chitsulo cha pageti, ndinali pafupi ngati apa ndi apo. Mitembo sibuula, m'bale wanga."

*

Lachiwiri cha m'ma teni, nthawi ya tiyi wa antchito, Takondwa anaimba belu pageti la nyumba ya ku Sandton, jumbo ya jombo ndi pasipoti zili m'chikwama chakumsana. Amalume anatsegula kageti kakang'ono, atavala ovololo yobiriwira, sizasi yodulira maluwa ili m'manja. Anamutengera kuseri kwa galaja, pomwe panali mpando wothyoka ndi kapu ya tiyi.

"Wabweretsa suti ija? Akufuna amuveke lero."

"Amalume, Lachinayi munali kuti?"

"Ndinali pano, kungakhale kuti? Funsa madamu. Tsiku lonse ndinkadula heji."

"Nanga munadziwa bwanji kuti achimwene agona kusaiti?"

"Anandiimbira."

"Sanaimbire ine wogona naye chipinda chimodzi, n'kuimbira inu?"

"Hayikona, iwe mwana! Wayamba liti kundifunsa ngati wapolisi? Ndinakunyamula pamsana ine, ukunya m'thewera. Sukulu yosamaliza yomweyo yakupatsa mwano?"

Takondwa anatulutsa foni, n'kukulitsa chithunzi, n'kuiika pampando pafupi ndi kapu. Amalume anafufuza magalasi m'thumba, anavala, anawerama. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi penipeni, pasimenti.

"Ndinaiwala," ananong'ona. "Zaka makumi anayi ndikulemba chimodzimodzi. Dzanja linangopita lokha."

"Kampango kanu ka kutchalitchi kali kuti?"

Mdalayo anavula magalasi. Maso ake anali ofiira.

"Ukuganiza kuti ndine chilombo? Khala pansi umve. Kapitawo anaimba nambala ya pafayilo, ndiye yanga. Ndinathamanga. Ndinamupeza mwana wa mlongo wanga ali m'kontena, atamugoneka pamatumba. Kapitawo anati, madala, pamapepala wagwa ndiwe. Tikaitana ambulansi, abwera apolisi ndi a boma, saiti itsekedwa, mlatho uchedwa, ndipo nduna ikubwera kudzadula riboni mwezi wamawa. Anati iwe wabwereketsa chiphaso, zaka zako zotsala ukathera kundende, penshoni yako ipsa, anyamata makumi atatu a kwanu amene ali pano tiwapereka onse. Koma ukasaina kuti Macdonald Chibwana watuluka wamoyo hafu pasiti faifi, nkhani yatha. Wotsalayo ndi munthu wamba wosadziwika kwa ife."

"Ankapuma."

"Mutu unali utaphwanyika, mwana wanga. Ine ndagwira ntchito pansi pa nthaka, ndaona anthu thanthwe litawagwera. Ndimadziwa munthu woti wapita."

"Ndati ankapuma!"

Kugalaja kunauwa kagalu. Amalume anakweza dzanja kuti atsitse mawu, ndipo zimenezo zinamuwawa Takondwa kuposa zonse: mpaka pano ankaopa kudzutsa madamu.

"Ankapuma," anavomera mdalayo. "Kapitawo anati tikamusiye pakhomo la chipatala, tithawe. Tinanyamuka. Koma msewu unali utadzaza, magalimoto sankayenda, mvula ikukhuthuka. Makilomita anayi tinayenda ola lathunthu. Ndinatsika n'kukwera kumbuyo, ndinalowa m'lonamo, ndinaika mutu wake pamiyendo panga. Anatsirizika kusanade bwino. Ndinamutseka maso ndi manja angawa."

"Ananena chilichonse?"

"Ankaitana iwe."

Takondwa anagwira khoma. Mipopi yothirira kapinga inadzitsegukira yokha, madzi n'kuyamba kuvina pamaluwa ofiira.

"Nanga pamsewu paja? Ndani anasankha malo amene aja?"

Amalume anayang'ana sizasi yawo.

"Kapitawo ankati tikamutaye kutchire, kumigodi yakale. Kumeneko sakanapezeka mpaka kalekale, mayi ako akanalira popanda manda. Ndiye ndinati ayi. Ndinati pali malo amene munthu wakuda akafa palibe amafunsa, koma amamutola tsiku lomwelo. Tinadikira mdima. Ndinamugoneka bwino. Ndinamuphimba."

"Ndiye ndikuthokozeni?"

"Sindikupempha zimenezo. Ndikupempha uganize. Ndine mwini mbumba ine, ndakusenzani nonse. Denga la malata la mayi ako ndani anakhoma? Iweyo pepala lako lokhalira kuno ngati wasukulu linatha ntchito chaka chatha. Ukapita kupolisi, adzayamba ndi iwe, adzakufunsa chiphaso usanatsegule pakamwa. Ine ndikagona kundende. Mlonda amene wakuonetsa bukuyo, ndi anzake onse, ulendo wa ku Lindela. Mtembo adzaugwira miyezi m'furiji kuti aung'ambe, mayi ako atakhala pamphasa kudikira. Ndipo mlathowo adzatsegula basi, ndi nyimbo zomwe. Wakufa wafa, Takondwa. Tisunge amoyo."

Anatambasula dzanja kuti amugwire mwendo. Takondwa anabwerera m'mbuyo.

"Anakugwirirani ntchito zaka zitatu m'dzina lanu," anatero. "Penshoni mukuinenayo, thukuta lake lili momwemo. Tsiku limodzi lokha limene anafunika dzina lake, inu munabwera kudzatenga lanu."

Anatola foni yake n'kutuluka. Amalume sanamutsatire. Tiyi wa antchito anali atatha, ndipo heji inali isanathe.

*

Anayenda wapansi mtunda wautali osadziwa komwe akupita. Anadutsa pakhomo la siteshoni ya sitima yothamanga, pomwe anthu a masuti ankatsika pamasitepe oyenda okha, khofi ali m'manja. Kenako foni inalira. Anali amayi.

"Munyamuka liti, mwanawe? Kuno anthu asonkhana, akwaya agona pano masiku anayi."

"Amayi, mukadikira pang'ono."

"Kudikira chiyaninso? Amalume ako anati mawa."

"Pali mapepala ena."

"Takondwa, usandisungire mwana wanga m'madzi oundana ngati nsomba. Ndimubweretsere ndimuone. Wamva? Umvere amalume ako, ndi amene ali maso athu kumeneko."

"Ndamva, amayi."

Anadula foni, n'kuima pakona nthawi yaitali. Anaganiza za Shafii ndi ana ake anayi. Anatsegula chithunzi chija n'kuchidula m'mbali, kuti mpando wa mlonda usaoneke, ngakhale ankadziwa kuti zimenezo sizingabise munthu. Kenako anakweza dzanja, tekisi ya ku Midrand n'kuima.

Sajeni Nkosinathi anali akudya tchipisi m'pepala. Anamuzindikira ndipo anausa moyo.

"Wabweranso, mfowethu? Ndinakuuza, fayilo ija yatsekedwa."

Takondwa anaika foni patebulo, pambali pake jumbo ya jombo, pamwamba pake pasipoti yake, atatsegula tsamba la chidindo chotha ntchito.

"Yambani ndi ichi, kuti tisatayitsane nthawi. Mukatha, ndikuuzani za bakkie, za buku la pageti, ndi za mayi amene simunamufunse."

Sajeni anayang'ana pasipoti, anayang'ana mnyamatayo. Anapukuta zala pathalauza, n'kukoka foni ija. Takondwa anamuonetsa siginecha ya m'mawa ndi ya madzulo, n'kufotokoza zonse mwadongosolo, mawu ake osanjenjemera. Pamene anafika pa lona lobuula, sajeni anakankhira tchipisi kumbali.

"Ukudziwa zimene ukuchita? Mtembo sunyamuka mawa. Mdala wako ndikamutenga lero lomwe. Ndipo iweyo sindikulonjeza kanthu."

"Ndikudziwa."

Sajeni anatsegula kabati, anatulutsa pepala latsopano, anayesa bolopeni pachikhatho.

"Dzina la womwalira. Lake lenileni."

"Aloysius Kamtengo."

"Zaka?"

"Makumi atatu."

"Malo?"

"Kumbuyo kwa bakkie, panjira yopita kuchipatala."

"Tsiku?"

"Lachinayi, pa 13 Malichi, 2025."